Njinga yamoto m'pikapu: kuigoneka, kuiimika pa sitandi, kapena kuimanga bwanji?

Bambo wina wandilembera motere: "Ndagula njinga yamoto ya 150cc kutali, ulendo wa makilomita pafupifupi 400. Sindinaizolowere, ndiye sindikufuna kuiyendetsa mtunda wonsewo. Mlamu wanga wandibwereka pikapu ya double cab. Mnzanga wina akuti ndingoigoneka chammbali pa matiresi akale, wina akuti ndiiimike pa sitandi yake n'kumanga zingwe ku mahandulo. Ndimvere uti?"

Bambo, anzanu onse awiriwo akukufunirani zabwino, koma musamvere aliyense wa iwo. Ndakhala ndikukonza ndi kunyamula njinga zamoto kwa zaka zambiri, ndipo zambiri mwa njinga zimene zimabwera kwa ine zitaphwanyika paulendo wa pikapu zinanyamulidwa mwa njira ziwiri zomwezo.

Njinga yamoto sinapangidwe kuti izigona. Mukaigoneka, petulo amayamba kutuluka pa kabowo kopumira ka chitsekerero cha thanki, ndipo ngati ili ya kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, amatulukanso pamenepo. Petuloyo amanyowetsa matiresi, ndiye mumayenda makilomita 400 mutasenza chinthu chongodikira kambaliwali kamodzi. Oilo wa mu injini amatha kulowa m'bokosi la fyuluta ya mpweya. Batire ikakhala ya madzi a asidi imadontha n'kudya penti ndi mawaya. Ndipo kulemera konse kumatsamira pa galasi, pa chogwirira kilatchi kapena buleki, ndi pa nyali zokhotera, zinthu zomwe sizichedwa kuthyoka.

Sitandi nayo ndi yoimikira njinga pansi posagwedezeka. M'pikapu yoyenda, dzenje lililonse limakhala ngati nyundo yomenya pa kachitsulo kamodzi kameneko. Sitandi imapindika, kapena pamene inawotcheredwa pa fulemu pamang'aluka, kapena nsonga yake imafinya pansi pa bodi n'kusiya chibowo chomwe mlamu wanu sadzachiiwala. Choopsa kwambiri n'choti njinga ikadumpha pang'ono n'kusunthira kutsogolo, sitandi imadzipinda yokha, njinga n'kugwa.

Kuti mumvetse njira yoyenera, gwirani mfundo imodzi iyi, chifukwa zina zonse zikuchokera pamenepa. Bokosi mukalimanga limakhala lomangika basi, silifupika. Njinga yamoto imakhala pa masipuling'i, kutsogolo m'mafoloko (mapaipi awiri ogwira tayala lakutsogolo) ndi kumbuyo m'mashoko. Galimoto ikagunda hampu, njinga imatitimira pa masipuling'i akewo, imafupika kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira kwa diso. Pa kanthawi kameneko lamba amene anali wokungika amakhwepa, ngowe yake imatha kutuluka pamene inakola, ndipo njinga ikamadzuka imapeza mbali imodzi palibe choigwira. Choncho ntchito ya malamba si kungoigwira njinga kuti isagwe. Ntchito yake ndi kuikokera pansi ndi kutsogolo mpaka masipuling'i apanikizike ndithu, tayala lakutsogolo litakanikizika pa khoma la kutsogolo kwa bodi. Zikatero masipuling'i aja amasanduka anzanu: amakhala akukankhira m'mwamba nthawi zonse, malamba n'kumakhala okungika ngakhale pa msewu wa mabampu.

Mphamvu zimene mukulimbana nazo si zazing'ono. Muyezo wa ku Ulaya wa kamangidwe ka katundu pa galimoto, EN 12195-1, umawerengera kuti pomanga mabuleki mwadzidzidzi katundu amakankhira kutsogolo ndi mphamvu yokwana 0.8 ya kulemera kwake, ndipo pokhota amakankhira m'mbali ndi 0.5. Njinga ngati yanuyo imalemera cha m'ma 130 kg. Ndiye kuti mwana akathamangira mumsewu inu n'kuponda buleki, makilogalamu oposa 100 amalunjika kumsana kwanu, ndipo pa kona yakuthwa makilogalamu 65 amafuna kuigwetsera kunja. Kulemera kwakeko kulinso m'mwamba, pa matayala awiri opyapyala.

Tsono zofunika kukhala nazo musananyamuke. Malamba anayi omangira katundu, a polyester, chifukwa polyester satamuka kwambiri ngati nayiloni. Werengani kachikwangwani kosokedwa pa lambayo. Pamakhala manambala awiri osiyana: mphamvu imene lamba amadukira, ndi mphamvu imene amaloledwa kugwira ntchito tsiku ndi tsiku, yolembedwa kuti WLL kapena LC. Ogulitsa amakonda kulemba nambala yodukirayo m'zilembo zikuluzikulu pa paketi, koma imene muyenera kudalira ndi yaying'onoyo. Pa malamba olembedwa WLL nthawi zambiri imakhala gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala yodukira. Ikalembedwa mu daN musadabwe, daN imodzi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Pa njinga yanuyo ndingakonde lamba aliyense akhale wa 200 kg kapena kuposa. Lamba wopanda kachikwangwani, wothetheka m'mphepete, wouma ndi dzuwa mpaka kutuwa, kapena amene wina anamumangapo mfundo pakati, musiyeni. Mfundo imachepetsa kwambiri mphamvu ya lamba.

Pali malamba a ratchet, okunga ndi chogwirira chopukusa, ndi ena ongokoka ndi dzanja n'kumana okha ndi kachitsulo ka mano. Onse amagwira ntchito pa njinga yaying'ono. A ratchet amagwira zolimba, koma ali ndi msampha: mphamvu yake ndi yochuluka moti munthu amapitiriza kupukusa osazindikira kuti akupinda chinthu. Yang'aninso ngowe. Ngowe yotseguka yooneka ngati chilembo cha S ndi imene imatuluka lamba akakhwepa. Yokhala ndi kachitseko kotsekera pakamwa pake ndiyo yabwino, ndipo ngati mulibe, kulungani tepi pakamwa pa ngowe mukaikoletsa. Pezaninso timalamba tifupitifupi tofewa tokhala ndi diso mbali zonse ziwiri, tokulunga pa njinga kuti chitsulo cha ngowe chisakhudze penti kapena chitsulo chonyezimira cha mafoloko. Mphira za machubu ndi zingwe zotamuka zija zomangira chikwama pa kaliyala musazigwiritse ntchito pano ngakhale pang'ono. Zimatamuka pa nthawi yeniyeni imene mukufuna kuti zisatamuke. Chingwe chabwino cholimba chingathe kulowa m'malo mwa lamba pokhapokha ngati pali munthu wodziwa mfundo yokungira imene oyendetsa malole amamanga, ndipo muyenera kumachiyendera pafupipafupi.

Musanachoke kwa mlamu wanu, kwerani m'bodi mukaone pokoletsa. Mukufuna mphete kapena zitsulo zomangidwa ndi mabawuti m'ngodya zinayi, ndipo za m'munsi pafupi ndi pansi ndi zabwino kuposa za pamwamba pa khoma, chifukwa lamba ayenera kukokera pansi. Zigwedezeni ndi dzanja. Tingowe ting'onoting'ono ta kunja kwa bodi pa mapikapu ena ndi tomangira lona, osati njinga.

Nkhani ya kutalika ikukukhudzani inuyo makamaka. Bodi ya double cab, ngati ya Toyota Hilux, imatalika pafupifupi mita 1.5, pamene njinga ya 150cc imatalika pafupifupi mamita 2. Chitseko cha kumbuyo sichitsekeka njinga itaima molunjika. Mukayeza kuchokera pa nsonga ya tayala lakutsogolo kufika pamene tayala lakumbuyo limaponda pansi, mupeza cha m'ma mita 1.6, kutanthauza kuti tayala lakumbuyo lidzaponda pa mpata wa mahinjesi kapena pa chitseko penipeni. Yalani thabwa lochindikala lochokera mkati mwa bodi kudutsa mpatawo kufika pa chitseko, kuti kulemera kugawanike, ndipo onani ngati zingwe kapena zitsulo zogwira chitsekocho sizinadyeke ndi dzimbiri. Ena amaimika njinga chopingasa, tayala lakutsogolo m'ngodya imodzi, kuti chitseko chitsekeke. Zimatheka pa njinga yaying'ono, ndipo ngodya imagwira tayala bwino, koma malamba awiri akutsogolo amakhala osafanana kutalika ndi kapendekedwe, ndiye kwa munthu woyamba kumene ndi zovuta kuwalinganiza. Ine ndingasankhe molunjika, pakati, chitseko chili chotsegula. Onetsetsani kuti nambala ya galimoto ndi nyali zakumbuyo zikuoneka, ndipo ngati pali chotulukira kunja mangiranipo nsalu yofiira.

Tifike pa kukweza, pamene anthu ambiri amavulalira. Pansi pa bodi ya pikapu pamakhala pa msinkhu wa masentimita 80 kapena 90 kuchokera pa nthaka. Thabwa lokwezera la mamita 2 pa msinkhu umenewo limapendekeka madigiri pafupifupi 25, chitunda choti njinga imakubwererani m'manja. La mamita 3 limatsitsa kufika cha m'ma 17, ndipo kusiyana kwake mumakumva m'msana. Thabwa lalifupi lilinso ndi vuto lina: tayala lakutsogolo likalowa m'bodi lakumbuyo likadali pa chitunda, mimba ya injini kapena ekizozi imakhula pa mlomo wa chitseko, njinga n'kukakamira pomwepo muli pakati pa ntchito. Njira yosavuta ndi kufupikitsa msinkhuwo. Funani kamtunda, chiunda cha dothi kapena khonde lokwera, mubwerere chafutambuyo mpaka chitseko chiyandikire pamenepo. Kapena lowetsani matayala akumbuyo a pikapu m'kangalande kosaya. Mangani handibuleki, ikani galimoto m'giya.

Ndipo thabwalo limangeni ku galimoto ndi lamba. Izi ndinaziphunzira ndi misozi. Ndili wachinyamata pa ntchitoyi tinkakweza njinga ya kasitomala, ine ndi mnzanga mmodzi, thabwa titangolitsamiritsa pa chitseko. Tayala lakutsogolo linali litalowa kale. Mnzanga atakankha mwamphamvu kumbuyo, thabwa linatereka n'kugwa pansi, phwa! Njinga inatsala italendewera, mimba yake itakhala pa mlomo wa chitseko, ine nditagwira mahandulo ndili chogwada m'bodi, thanki itandipana dzanja ku khoma. Ndinamva chala chikuphwanyika ndisanamve ululu wake. Chala chimenecho mpaka lero sichipindika bwino, ndipo ekizozi ya mwiniwake ndinalipira ndi malipiro anga a mwezi umenewo. Lamba mmodzi wochokera pa thabwa kupita ku chitsulo cha pansi pa galimoto akanaletsa zonsezo.

Khalani anthu atatu. Injini ikhale yozima, ndiponso yozizira, chifukwa ekizozi yotentha imawotcha mwendo komanso imasungunula lamba. Musaikwere n'kuiyendetsa pa thabwa, ngakhale munaonapo ena akutero. Mukaima pakati pa thabwa phazi lanu silipeza poponda. Mmodzi agwire mahandulo ali kumanzere kwa njinga, wachiwiri akankhe kumbuyo, wachitatu adikire m'bodi kuti alandire. Wogwira mahanduloyo amuikire bokosi lolimba kapena thabwa lachiwiri loti apondepo pokwera, poti pamafika pamene manja ake ali m'mwamba mapazi akadali pansi. Ikani njinga m'giya yoyamba, mukankhe mutafinya kilatchi. Mukatopa pakati pa chitunda, ingotayani kilatchi, tayala lakumbuyo limangika, njinga n'kuima. Pa chitunda buleki yakutsogolo yokha siidalirika, popeza kulemera kumakhala kwathawira kumbuyo ndipo tayala lakutsogolo limangokhwekhwereka.

Malamba awiri akutsogolo akhale atakoletsedwa kale m'ngodya za bodi musanayambe kukweza, nsonga zake zili poti dzanja lifikira. Njinga ikalowa, ikankheni mpaka tayala lakutsogolo ligunde khoma pakati penipeni, mahandulo atawongoka. Ngati muli ndi chitsulo chopangidwira kugwira tayala, ndi bwino kwambiri. Ngati mulibe, khomani matabwa awiri afupiafupi pa thabwa lina lalikulu, mpata wake wongokwana tayala, chifukwa tayala likaterereka chammbali pansi pa bodi njinga imagwa ngakhale malamba ali okungika. Pa khoma ikanipo thabwa lopingasa kuti tayala lisapinde chitsulo chopyapyalacho n'kuchikankhira ku galasi lakumbuyo.

Pomanga pa njinga, malo abwino koposa ndi pa chitsulo chochindikala chimene chimagwira mafoloko onse awiri pamodzi, m'munsi mwa nyali yaikulu. Kulungani kalamba kofewa pa foloko iliyonse pamwamba pa chitsulo chimenecho. Lowetsani chala pansi pake mufufuze: pasapanikizike paipi ya buleki, waya wa magetsi kapena chingwe cha sipidomita. Ngati mapulasitiki atchinga malowo, mangani pa mahandulo koma pafupi ndi pakati pamene amangidwa ndi mabawuti. Kunsonga kwa mahandulo ayi. Kumeneko chitsulo chimapindika, mphira yogwirira imavuka, ndipo kumanja kuli kapaipi ka pulasitiki kopotoza powonjezera liwiro komwe kamasweka. Lamba aliyense achoke pa njinga kupita pansi, kutsogolo ndi kunja, mopendekeka pafupifupi madigiri 45. Akaima chilili kwambiri saletsa njinga kugwera m'mbali, akagona kwambiri sapanikiza masipuling'i.

Tsitsani sitandi kwa kanthawi njinga itsamirepo. Yambani ndi lamba wakumanzere, mbali ya sitandi, mungochotsa kukhwepa basi. Kenako pitani kumanja mukunge pang'onopang'ono, muone njinga ikudzuka kuchoka pa sitandi mpaka itaima chilili. Kuchokera apo muzisinthanasinthana, kawiri kumanzere, kawiri kumanja, wina ataima kumbuyo kwa galimoto kukuuzani ngati yapendekeka. Ikaima yokha, pindani sitandi, isakhudzenso pansi.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti ndikunge mpaka pati. Yang'anani chitsulo chonyezimira cha foloko musanayambe, muone kutalika kwa gawo limene limalowa ndi kutuluka. Kungani mpaka lilowe gawo limodzi mwa magawo atatu, osapitirira theka. Mukalekeza pang'ono, malamba adzakhwepa pa hampu yoyamba. Mukakunga mpaka mafoloko agunde pansi, mwapha sipuling'i ija imene imayenera kumeza mabampu, ndiye kugunda kulikonse kumapita molunjika ku malamba, ku mphete za bodi ndi ku timphira totchinga oilo m'mafoloko, timene tikakhala totha kale timayamba kudontha. Pa ratchet, lamba azungulire pa kampukutu kake kawiri kapena katatu, ndipo chogwirira muchitsekere pansi mpaka chimveke kuti chakola.

Kumbuyo sikufuna mphamvu zambiri. Malamba awiriwo ntchito yake ndi kuletsa tayala lakumbuyo kudumphadumpha n'kuyenda chammbali, zomwe zimapotoza njinga yonse n'kukhwepetsa kutsogolo. Mangani pa fulemu kapena pa zitsulo zolimba zogwira popondera wokwera kumbuyo, osati pa kaliyala wopyapyala, pa ekizozi kapena pa nyali. Akokere pansi ndi m'mbali. Asakokere kumbuyo mwamphamvu moti tayala lakutsogolo n'kusiyana ndi khoma.

Tsopano yesani. Gwirani mpando kapena handulo mugwedeze ndi mphamvu zanu zonse. Chimene mukufuna kuona ndi pikapu yonse ikugwedezeka pamodzi ndi njinga ngati chinthu chimodzi. Njinga ikamagwedezeka payokha galimoto ili duu, simunamalize.

Zotsala ndi zing'onozing'ono. Tsekani kampopi ka petulo ngati ilipo, chotsani kiyi, koma musakhome loko wa chiwongolero chifukwa kachitsulo kake kamatha kuthyoka ndi kugwedezeka. Isiyeni m'giya, ndipo mukhoza kumanga chogwirira buleki yakutsogolo ndi kachingwe kuti ikhale yogwira. Chipewa, zikwama ndi chilichonse chomasuka zilowe mkati mwa galimoto, thabwa lokwezera limangidwe palokha. Michira ya malamba ipindeni n'kuimanga, chifukwa mchira wautali umakwapula penti ulendo wonse, ndipo ukhoza kulendewera mpaka kukulungika ku gudumu la galimoto. Lamba wautali mukamupotoza kamodzi musanamukoletse salira ndi mphepo. Lona musafunditse. Ndikudziwa kuti njinga yatsopano mtima umafuna kuiteteza ku fumbi, koma lona wokupiza pa liwiro, fumbi lili pansi pake, amakhula penti ngati sandipepa. Fumbi mudzatsuka.

Mukanyamuka, imani pakatha makilomita 10 kapena 15 mukagwire lamba aliyense. Pafupifupi nthawi zonse mupeza mmodzi atakhwepako, poti malamba amakhazikika ndipo tayala limapeza malo ake. Ku America lamulo la oyendetsa magalimoto a katundu limati ayendere katundu wawo asanapitirire mamailosi 50 oyamba, omwe ndi makilomita 80, kenako pakatha maola 3 aliwonse kapena mamailosi 150. Pa njinga yokhala pa masipuling'i ine ndimaima msanga kuposa apo, ndiponso ndimaima ndikangodutsa msewu woipa kapena mvula ikagwa. Musananyamuke yang'anani pa galasi la mkati muloweze pamene mahandulo akuonekera poyerekeza ndi mphepete mwa windo lakumbuyo. Mukadzaona kuti mbali imodzi yatsika, imani pomwepo pamalo otetezeka, musadikire kuti mufike pena. Mahampu muziwakwera pang'onopang'ono ndi matayala onse awiri nthawi imodzi, osati chopingasa, ndipo siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo kuti musakakamizike kuponda buleki mwadzidzidzi.

Mukafika musathamangire kumasula, anthu atakuzungulirani kufuna kuona njinga. Ratchet siimasuka pang'onopang'ono, imataya mphamvu yonse kamodzi, ndipo sipuling'i imene munaipanikiza ija imadzuka n'kuponyera njinga mbali ya lamba amene watsala. Yambani mwamangiranso thabwa lotsitsira ku galimoto. Masulani malamba akumbuyo. Tsitsani sitandi, munthu mmodzi agwire mahandulo zolimba, kenako masulani lamba wakumanja kuti wakumanzere aikokere njinga pa sitandi yake. Mukatero masulani wakumanzere. Potsika chafutambuyo njinga ikhalebe m'giya yoyamba injini ili yozima, dzanja lanu lili pa kilatchi: mukafinya imatsika, mukataya imaima. Tsikani pang'onopang'ono, wina atagwira kumbuyo akukuuzani ngati tayala lili pakati pa thabwa, mpaka matayala onse awiri aponde nthaka.